Janti ya kwa Peshoto

Dona Belmira sanaphonyepo meyudiya. Dzuwa likafika paliwombo, mthunzi utabisala pansi pa mapazi, iwo ankasiya chilichonse chimene chinali m'manja. Kaya akusankha mbatata ya kachewere, kaya mkangano wafika pokoma, ankasiya. Ankapita pa mtengo wa masau pabwalo la nyumba yawo, n'kutenga bawuti lalitali limene linkakhala pamphanda, n'kuyamba kuliza janti. Janti ndi chitsulo chozungulira chija chimakhala m'kati mwa tayala la galimoto. Yawoyo inali ya kamyau, lole yakalekale, yakuda ngati mphika, yolendewera pa tcheni. Ankailiza mofulumira, mosewera, chiuno chikutsatira, nge-nge-nge, nge-nge-nge, mpaka mbuzi za mu Canongola monse, dera lathu lino la mu Tete, zitadzutsa mitu.

Ine ndine Custódio. Nyumba yanga inayang'anana ndi yawo. Mwana wawo Leonildo ndinamugwira ine pa ubatizo, n'chifukwa chake tinkaitanana kuti kompadire ndi komadire. Ndinali mlonda wa sitolo kufikira maondo atakana. Masiku ano ndimakhala pakhonde, ndimaona.

Chaka chatha anthu akwathu anatuma munthu kudzatenga jantiyo, ndipo Dona Belmira anakana. Kuti mumve chifukwa chake nkhaniyi inavuta, ndiyambire kumene chitsulocho chinachokera.

Kwathu ndi kumapiri a ku Angónia, katauni kamene pa mapepala a boma kali ndi dzina lina, koma ife timati kwa Peshoto. Peixoto, amene pakamwa pathu ndi Peshoto, anali Mpwitikizi. Malowo sanachite kusankha. Ankapita kwina ndi kamyau yodzaza mchere ndi nsalu, ndipo itafika pa chitunda cha kwathu inatsokomola n'kufa. Anaikonza, inakana. Anatuma munthu ku Tete kukafuna chitsulo china, munthuyo anakakwatira komweko. Mzungu uja anayamba kugulitsa mchere atakhala pamthunzi wa kamyau yakeyo. Kenako anamanga kantina, sitolo ya khonde lalitali, n'kuika sikelo yogulira chimanga ndi kachewere. Padiri anaona kuti pali anthu, anamanga tchalitchi. Boma linaona kuti pali tchalitchi ndi sikelo, linatumiza asilikali okhometsa msonkho. Tauni yathu inabadwa choncho, chifukwa cha galimoto yodwala.

Kamyau ija anthu anaidya pang'onopang'ono. Mpando unapita kwa padiri, matayala anasanduka nsapato, chitseko chinakatseka khola la nkhumba. Janti imodzi Peixoto anaipachika pa mkuyu kuti iziitana anthu kuminda yake, ndipo woiliza anali bambo a Belmira, a Zefaniya. M'mawa inkalira mwaukali, kuitanira anthu ku chibalo, ndipo wochedwa ankakumana ndi chikoti. Masana inkalira mokondwa, kutanthauza kuti aliyense aponye khasu pansi pomwe ali, akhale, adye. Munthu akamwalira inkalira kamodzi, n'kupuma, kamodzi, n'kupuma. Wakumva kulira kumeneku ankanyamuka osafunsa.

Ufulu utabwera, mwana wa Peixoto anakwera ndege, dzina la tauni linasintha, kantina inakhala sitolo ya anthu onse, yogulitsa machesi ndi fumbi. Pamsonkhano woyamba achinyamata anafuna kuponya janti mumtsinje, ati ndi mawu a mtsamunda. A Zefaniya, atakalamba kale, anavomera kuti kulira kwa m'mawa kufe. "Koma kwa masanaku kunakulakwirani chiyani?" anafunsa. Anthu anaganiza, anapeza kuti palibe amene anadanapo ndi kuponya khasu pansi. Kwa masana kunatsala, pamodzi ndi kwa maliro. A Zefaniya atamwalira, ana awo aamuna anali kutali, wina kumigodi, wina ku usilikali, ndiye bawuti linagwera Belmira, mtsikana wa miyendo itaitali ndi pakamwa posatseka. Maliro oyamba amene analizira anali a bambo awo.

Nkhondo inafika kwathu m'nyengo yokumba kachewere. Za imeneyo sindikamba zambiri. Tinathawa m'mawa, utsi uli kumbuyo, kulunjika malire a Malawi. Anthu ananyamula miphika, mbuzi, ana. Dona Belmira anabereka Leonildo kumbuyo, n'kumakunkhuniza janti ndi manja awiri. Amuna awo, malemu Raul, anakalipa njira yonse. "Kodi tikadya chitsulo?" Iwo ankangoti, "Inu kankhani." Titafika pamwamba pa phiri lomaliza, janti inawapulumuka. Inatsika yokha, ikudumpha mizere, ikulira, nkhuku zikubalalika, mpaka inadutsa msewu wa malire n'kukagona m'munda wa kabichi wa munthu wa ku Malawi. Tinaseka. Nyumba zathu zinali kupsa kumbuyo, koma tinaseka mpaka kukhala pansi. Mpaka lero timati wothawa nkhondo woyamba wa kwa Peshoto anali janti, ndipo analowa wopanda chiphaso.

Kumsasa wa othawa nkhondo anaipachika pafupi ndi pogawira ufa. Anthu athu amene anasokera m'misasa ina ankamva mbiri yake n'kutsatira, ndipo amayi ena anapeza ana awo motero. Mtendere utabwera mu 1992 tinabwerera. Tinapeza mtengo utamera m'kati mwa kantina, mkuyu uja utapsa. Ena anatsala n'kuyambanso kulima. Ambiri tinatsikira kuno ku Tete kudzafuna ntchito. Dona Belmira anafika pa kamyau ya kachewere, atakhalira janti ngati mpando.

Ife a kumapiri kutentha kwa Tete timakumva, koma sitikupatsa ulemu. Kazako, jekete yathu, timavala pamaliro, paukwati ndi popita kwa akuluakulu, ngakhale phula likusungunuka mumsewu. Anyungwe amatiseka. Poyamba ankadandaulanso za phokoso la janti. Chisanathe chaka, amayi awo anayamba kuteleka mapoto akaimva, ana a sukulu ya masana n'kumathamangira nsapato zawo. Dona Belmira anakana malo abwino ku merkado, msika waukulu, n'kuika benchi ya kachewere pamsewu, poonekera mtengo wa masau. Tsiku lina ali pamzere wa kuchipatala, atatsala pang'ono kulowa, anayang'ana mapazi awo, n'kukwera njinga yamoto kudzaliza janti, n'kubwerera kukayambiranso kumapeto kwa mzere. Raul atamwalira, maliro analizira okha m'mawa, ndipo masana ake analizanso meyudiya, misozi ikutsika, chiuno chikugwedezeka ndithu.

Wotumidwa kudzatenga janti anali Amílcar, mwana wa mchimwene wawo, amene amagwira ntchito mu ofesi ya kwathu. Anabwera pa kamyau ya kachewere ya mnyamata wina dzina lake Dércio, atavala kazako wakuda ndi tayi. Azakhali ake anamukazingira kachewere, n'kumukhazika pansi pa masau. Ine ndinkamva ndili pakhonde.

"Azakhali, kwathu kwasintha," anatero Amílcar. "Magetsi afika. Pamene panali khola la padiri pali nsanja ya telefoni. Mwezi wamawa kuli festa, chikondwerero chokumbukira chiyambi cha tauni, kubwera akuluakulu. Tikufuna janti ibwerere."

"Ikachite chiyani?"

"Tamanga chipilala pakati pa msika. Tikaikhazika m'simento, tiipake utoto wagolide, pansi pake tilembe mbiri."

"M'simento. Nanga ikalira bwanji?"

"Kulira sikufunikanso, azakhali. Aliyense ali ndi nthawi pa telefoni."

"Iwe Amílcar, thewera lako loyamba linali thumba la ufa la kumsasa, ndinasoka ndine. Lero ukufuna kukwirira chinthu chamoyo m'simento? Bweza mbale yanga."

Amílcar anagwiritsa mbale. "Ndi chuma cha tauni, azakhali, si cha munthu mmodzi."

"Pamene inkatsika phiri lija, tauniyo inali kuti? Inali kumbuyo, ikukoka mbuzi." Anatembenukira kwa ine. "Kompadire, mwamva?"

"Ndamva."

"Mukuti bwanji?"

"Kukutentha."

"Waona, ngakhale a Custódio akana."

Nkhani ikanathera pomwepo, koma panali Leonildo. Iye ndi makaniko, munthu wofatsa, wotopa ndi amayi ake mwa chikondi. Khanda lake linkadzidzimuka meyudiya aliyense, mkazi wake Stélia n'kumamuyang'ana ngati analiza ndi iye. Iye ndi Amílcar anagwirizana kuti achotse janti mwakachetechete, ikakwere kamyau, amayi adzakalipa sabata imodzi n'kuiwala. Leonildo anakula m'nyumba imeneyo, koma zikuoneka kuti amayi ake sankawadziwa.

Tsiku lotsatira Dona Belmira analiza meyudiya, anatseka chitseko, n'kuwoloka mlatho kupita ku Matundo kukaona kachewere watsopano amene anamva kuti wafika. Atangokhota pakona, awiri aja anatulukira ndi makwerero ndi nyundo. Kamyau ya Dércio inaima pageti, mwini wake anagona pansi pake. Tcheni chinali chitalowa m'khungwa la nthambi, ndipo mfundo yake inali itagwirana ndi dzimbiri pamwamba pa janti penipeni. Amílcar anakwera, ali ndi kazako wake, Leonildo n'kugwira tcheni.

Amílcar anamenya. Ngwee. Thukuta linamulowa m'maso, anaima, anapukuta, anapuma. Anamenyanso, koma nyundo inapeza chala cha Leonildo. Leonildo anakuwa, anafumbata chala m'khwapa, n'kuthamanga mumsewu kulunjika kuchipatala, misozi ili mbwembwembwe. Amílcar anamuyang'ana akupita, anaganiza zomaliza yekha. Ngwee. Anapuma. Munthu wa kumapiri, tayi pakhosi, dzuwa la Tete pamsana, sakanatha kumenya kawiri motsatizana. Ngwee. Anapumanso.

Ine ndinakhala tsonga. Amílcar anakulira kwa Peshoto yopanda janti, sankadziwa kuti akuliza maliro. Ndinaimirira kuti ndimuletse, koma maondo anga amayamba akambirana asananyamuke. Pamene ndinkafika pamsewu, mayi Deolinda, mkulu wa kwaya, anali atayamba kale kulira kuchokera pakona, manja kumutu.

Maliro a kwathu safuna uthenga. Kulira kwa janti kunamveka, Leonildo anaoneka akuthamanga ndi misozi, chitseko chinali chotseka, Dona Belmira kunalibe. Abambo anathyola nthambi zaziwisi n'kuziyala mumsewu kuti magalimoto azichepetsa liwiro. Matelefoni analira m'madera a Chimadzi ndi Samora Machel. Anthu anatseka mabenchi, anasiya makasitomala pakati pa kumeta, n'kuthamangira kunyumba kukatenga makazako. Amayi anabwera ndi ufa m'mabeseni, ena nkhuni, ena ndowa. Anansi a Chinyungwe anabweretsa mphasa ndi mipando. Sindinkadziwa kuti ife a kwa Peshoto tilipo ambiri chotere mumzinda muno. Ndinaona nkhope zimene ndinasiyana nazo kumsasa.

Amílcar ali pamwamba anaona khamu likulira likulowa pabwalo. Anaganiza kuti m'mudzimo mwagwadi zovuta, ndipo pa azakhali ake ndi pamene anthu amasonkhanira. Anatsika mwaulemu, anabisa nyundo m'kazako, anakhala pampando n'kuweramitsa mutu. Anthu anaona mwana wa mchimwene atavala zakuda, kamyau ya kwathu ili pageti, n'kumanong'onezana kuti banja ili ndi la dongosolo. Za thupi anati lili kuchipatala, kumene Leonildo anathamangira.

Ndinapita kwa a Edson, amene amatsogolera maliro athu kuno.

"Sanamwalire," ndinatero. "Apita ku Matundo."

A Edson anandigwira phewa. "Limbani mtima, a Custódio. Tikudziwa kuti munali pafupi." Anaitana anthu awiri, anandikhazika pampando wabwino pamthunzi, n'kundipatsa madzi ozizira. Ndinauzanso mayi Deolinda. Anandiyang'ana, analira mokweza kuposa poyamba. Ndinaona kuti mawu anga akungowonjezera chisoni, ndinangopitiriza kumwa madzi.

Abambo anakhala pambali kukonza za ulendo. Munthu wa kwathu sagona m'dothi lotentha la kuno. Wa kwa Peshoto akafera ku Tete timamutengera kumapiri, akagone pafupi ndi makolo ake. Anagwirizana kuti Dona Belmira akaikidwa pambali pa a Zefaniya. Anadzutsa Dércio pansi pa kamyau, iye anavomera ali m'tulo kuti bokosi likwera. Kwaya inayamba nyimbo. Ena anaimirira kunena zabwino za malemu.

Pa nthawiyo Dona Belmira anali mu shapa, minibasi yathu, akubwerera. Wotolera ndalama anawauza kuti ku Canongola anthu a ku Angónia ali ndi maliro, chitsulo chalira. Iwo anaganiza mofulumira. Leonildo sangagwire bawuti popanda chifukwa chachikulu, ndipo m'msewu mwathu nkhalamba yotsalira inali imodzi. Anatsika, anagula ufa, anamanga kapulana, chitenje chathu, kumutu, anayamba kulira ali patali.

Tinamva mawu amene aliyense ankawadziwa akubwera mumsewu. "Kompadire wanga ine! A Custódio, mwapita osanena kanthu, monga mwa masiku onse. Adzandiyang'ana ndani pakhonde paja?"

Kwaya inadula nyimbo pakati pa liwu. Mayi Deolinda, amene amati ali ndi nyamakazi, anakwera kamyau osagwira paliponse. A Edson anadutsa mumpanda wa minga n'kusiya nsapato imodzi. Amayi a ufa anabalalika, mabeseni akuwatsatira. Dona Belmira sanaone kanthu, chifukwa anali ataphimba nkhope. Analowa pabwalo, anadzigwetsa pamphasa patsogolo panga, anagubuduka pang'ono, n'kutsegula maso. Anandipeza ndili ndi kapu m'manja.

"Kompadire."

"Komadire."

"Simunafe?"

"Ayi."

"Nanga wafa ndani?"

"Inu."

Anakhala tsonga, anakonza kapulana. "Liti?"

"Masana ano."

"Ndi chiyani?"

"Sananene."

Apo Amílcar anaimirira kuti alankhule, nyundo inagwa kuchokera m'kazako n'kumugwera paphazi. Dona Belmira anayang'ana nyundo, anayang'ana makwerero atatsamira masau. Nthawi yomweyo Leonildo analowa pageti, chala chitakulungidwa bandeji, kukula ngati kachewere wa mbewu. Panalibe chofunsa. Woyamba kuseka anali Dércio. Kenako mitu inayamba kutuluka kuseri kwa mipanda, ndipo kuseka kunayenda msewu wonse. Ndinali ndisanamve anthu athu akuseka chotero chichokereni paphiri lija.

Dona Belmira anatenga bawuti pamphanda. Leonildo anabisala kumbuyo kwa Stélia, Amílcar kumbuyo kwa ine. Koma iwo anangoloza nalo mabeseni.

"Ufa wabwera, nkhuni zabwera, kwaya ilipo. Phikani. Ndipo amene ananena zabwino za ine abwereze, ndinali kulibe."

Anawakhazika pampando pakati pa bwalo, ndipo anthu anabwereza mmodzimmodzi. Mayi Deolinda, atatsitsidwa m'kamyau ndi anthu atatu, anati malemu sanakanganepo ndi munthu.

"Bodza. Ndinakangana nawe Lachiwiri, ndipo ndinapambana."

Wina anati malemu ankapatsa amasiye kachewere waulere. "Wowola," anatero iwo. "Koma pitiriza, ukulankhula bwino." Nkhuku za Stélia ziwiri zinafa m'malo mwa apongozi ake. Abambo anavina ngoma ya kwathu ali m'makazako, akuponda pansi mpaka fumbi linakwera, anansi a Chinyungwe akuwomba m'manja n'kumafunsa ngati maliro onse a ku Angónia amakhala otere.

Dzuwa litapendeka, a Edson, atapeza nsapato yawo, anafuna kuonetsa kuti ntchito yawo anaigwira bwino. Anafotokoza za kamyau, za bokosi, ndi za malo pambali pa a Zefaniya. Dona Belmira anasiya kutafuna. Anthu anachita mantha kuposa pamene mayiwo anatulukira pamsewu.

"Ndiye munati mundinyamule pa kamyau iyi?"

"Ndi mwambo, mayi."

"Osandifunsa."

"Zinali zovuta kukufunsani."

"Ndiye kuti kwathuko ndipita ndithu, ndifune ndisafune."

"Tonse tidzapita," anatero a Edson.

"Chogona."

"Chogona, mayi."

Anayang'ana janti, kenako mwana wawo. "Tsiku limenelo janti idzatsala ndi uyu wa chala. Mawa lake ili m'simento, yagolide, ili duu ngati a Custódio." Anaimirira. "Ngati n'kupita, ine ndipita chokhala, ndikuona njira. Amílcar, bwera kuno. Janti ikupita, koma ikupita ndi mwini wake. Simento ayi, utoto ayi. Mukaipachike pa mtengo pamsika, ndipo meyudiya ndiziliza ine. Ndikafa, mudzandilizire bwinobwino, osati zamanyazi zimene ndamva kuti unachita lero."

Amílcar anayang'ana bwalo, anayang'ana msewu wodzaza anthu mpaka pakona. Anavomereza yekha kuti kwawo akaitanitsa msonkhano pa telefoni kumabwera anthu okwana benchi imodzi, ndipo theka amabwera kudzafunsa za feteleza.

"Ndamva, azakhali. Nanga pachipilala paja tiikepo chiyani?"

"Ikapo nyundo yako."

Anthu a ku Canongola anadandaula. Ife titsala ndi chiyani, meyudiya tidzaudziwa bwanji? Dona Belmira anawayankha ndi mawu a Amílcar, akumutsanzira ndi kayimidwe komwe, kuti aliyense ali ndi nthawi pa telefoni. Kenako anafewa, anati Leonildo ndi makaniko, majanti ali nawo mulu, apachike ina, aphunzire kumenya chitsulo m'malo mwa chala. Stélia anayang'ana kumwamba.

Anthu akubalalika, anabwera pampando wanga.

"Kompadire, tiyeni."

"Maondo."

"Kuzizira kukawawongola."

"Ndibwera."

"Chogona?"

"Mwina."

"Ndikakusungirani malo. Kulira ndalira kale, musayembekezere zambiri."

Ananyamuka Loweruka. Tcheni chinakanabe, ndiye Leonildo anadula nthambi yonse ndi sowo, janti inakwera kamyau ndi nthambi yake, anaimangirira pa zitsulo za kuseri kwa dalaivala kuti izilendewera. Dona Belmira anakana kukhala kutsogolo. Anaika mpando wawo kumbuyo, pakati pa mphasa, mapoto ndi matumba opanda kanthu, bawuti lili pamiyendo. Anthu anabweranso ndi makazako awo kudzatsanzikana. Zinatenga m'mawa wonse, chifukwa aliyense anali ndi phukusi lopita kwa achibale, ndipo Dona Belmira ankafuna kudziwa za m'kati mwa lililonse.

Dércio atapotokola kiyi, kamyau inatsokomola n'kufa. Anayesanso, inakana. A Edson anavula chipewa. "Peshoto wachiwiri," anatero. "Mangani kantina pompano." Mayi Deolinda anati iwo atenga mpando, wina anati chitseko n'chake. Dércio anatulutsa mutu n'kupempha kuti tileke kugawana galimoto yake, tikankhe mpaka pachitunda pamene msewu wathu umayamba kutsetsereka kupita ku msewu waukulu. Anati ku msewu waukuluko adzaima, injini idzakhala itadzuka, titsanzikane bwino.

Tinakankha, abambo ndi amayi, Leonildo ndi dzanja limodzi. Nanenso ndinaikapo chikhato, ngakhale kwenikweni kamyauyo ndi imene inkandigwira. Thukuta linkatsika m'makazako. Dona Belmira ali pamwamba ankatilamula ngati ng'ombe. Matayala akutsogolo atangofika pamwamba pa chitunda, ndinawaona akusuzumira pansi, akuyang'ana mapazi athu. Mithunzi inali itabisala. Anaimirira, anagwira chitsulo ndi dzanja lamanzere, n'kukweza bawuti.

Nge-nge-nge, nge-nge-nge.

Manja onse anachoka pa kamyau nthawi imodzi. Palibe anaganiza. Makolo athu ankaponya makasu akamva kulira kumeneku, ndipo ife tinaponya galimoto. Inaima pang'ono ngati ikuganiza, kenako inayamba kutsika yokha, inadumpha, inatsokomola, injini inagwira. Dércio sakanaimanso, ikanafa. Amílcar anaithamangira kazako akuuluka, n'kudziponya m'matumba. Dona Belmira sanasiye kuliza. Ankatikuwira zinazake zimene palibe anamva, akuseka, chiuno chikutsatira, kapulana ikuwomba mphepo, mbuzi zikuthawa mumsewu. Fumbi linawaphimba, koma janti tinaimvabe mpaka kamyau itakhotera kumlatho.

Tinatsala titaima pachitunda, manja ali lende, osatsanzikana. Kenako a Edson anati meyudiya walira. Tinakhala pansi m'mbali mwa msewu, aliyense pomwe anali, ndipo mayi Deolinda anamasula phukusi limene anaiwala kukweza, tinadya.